Chingwe Chimene Chanyamula Mwana wa Mnzako

Makolo ena akhala akundifunsa chifukwa chimene kalabu yathu ya ma Pathfinder inakhalira chaka chathunthu osakwera thanthwe, chonsecho ana ankalirira ulendowu pa msonkhano uliwonse. Ambiri ankaganiza kuti vuto ndi ndalama. Ndalama zinali zosowa ndithu, koma chifukwa chenicheni chinali ine. Mwezi uno ndati ndiulule, chifukwa ndikudziwa kuti m'mipingo yambiri muli atsogoleri a achinyamata amene ali pamene ndinali ine.

Linali Lamlungu lina m'nyengo yozizira. Ndinatenga ana 18 kupita nawo kukaphiri kakuseri kwa dera lathu, kumene kuli thanthwe lotsetsereka lotalika ngati nyumba ziwiri zosanjikizana. Ndinanyamula chingwe chabuluu chimene ndinagula m'sitolo ya zipangizo zomangira, chomwe chija amamangira katundu pa lole. Ndinachimangirira kumtengo pamwamba pa thanthwe, n'kuuza ana kuti azikwera mmodzimmodzi akukoka chingwecho ndi manja. Mumtima ndinali wokhazikika. Paja ndinali nditakhoza kale phunziro la kamangidwe ka mfundo, baji yake ili palamba wanga wa pachifuwa.

Anyamata asanu anakwera bwinobwino. Wachisanu ndi chimodzi anali mtsikana wa zaka 12, mwana wofatsa amene sankakonda kutsogola. Atafika pakati, phazi linaponda ndere n'kuterereka. Chingwe chinamupulumuka chikumuwotcha m'manja, ndipo anakhwekhwereka pathanthwepo mpaka anakaima pa kachitsamba kamene kanamera mumng'alu. Ana onse anangoti zii. Kachitsamba kaja kakanapanda kukhalapo, pansi pake panali miyala yosongoka.

Madzulo ndinamuperekeza kwawo, zikhatho zitasupuka, bondo litamangidwa bandeji. Mayi ake sanakalipe. Anandipatsa mpando, anayang'ana manja a mwana wawo, kenako anandifunsa mofatsa kuti, “Bambo, kodi zokwera miyalazi inuyo munaphunzira kuti?”

Ndinasowa poyambira. Kunena zoona, sindinaphunzire kulikonse. Ndinakulira kumudzi, tikukwera miyala posaka mbira ndi kuthamangitsa anyani, ndiye ndinkaona ngati zimenezo n'zokwanira. Komatu kukwera wekha uli mnyamata n'kosiyana ndi kukweza ana a eni. Usiku umenewo ndinalonjeza kuti sindidzakwezanso mwana aliyense pathanthwe kufikira nditakhala pansi pa munthu wodziwa.

Kubwerera m'kalasi

Safunsa anadya phula. Nditafunsa apa ndi apo, ndinapeza kuti anthu odziwa ntchitoyi alipo kwathu konkuno. Kuli bungwe la Mountain Club of Malawi, ku Lilongwe kuli a Climb Malawi amene ali ndi khoma lophunzirirapo, ndipo ku Mulanje kuli operekeza alendo amene phirilo amalidziwa ngati khomo la kwawo. Ambirife sitidziwa kuti akatswiri amachokera kutali kudzakwera nsonga ya Chambe, imene khoma lake la kumadzulo ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700, limodzi mwa makoma amwala aatali kwambiri mu Africa muno.

Amene anavomera kundiphunzitsa anali bambo wina wa imvi zake, wosachulutsa mawu. Tsiku loyamba ndinatulutsa chingwe changa chabuluu monyadira. Anachigwira, anachipotokola, n'kundibwezera.

“Ichi, achimwene, mukamangire nkhuni.”

Anandifotokozera kuti chingwe chokwerera matanthwe chimapangidwa mwapadera kuti chizitamuka. Munthu akagwa, chimatalika pang'ono n'kumeza mphamvu ya kugwako, ngati mmene masipuling'i a galimoto amamezera mabampu. Chingwe chosatamuka chimamuimitsa munthu mwadzidzidzi, ndipo mphamvu yonse imathera m'chiuno, mumsana ndi pamene chingwecho chamangiriridwa. Mkati mwa chingwe chenicheni muli ulusi wambiri wa nayiloni umene umanyamula kulemera, ndipo kunja kwake kuli chikuto cholukidwa choteteza ulusiwo kuti usadyeke pamwala. Bungwe la padziko lonse la okwera mapiri, la UIAA, limene linakhazikitsidwa mu 1932 ku Chamonix m'dziko la France, limayesa zingwezi pogwetsa chitsulo cholemera makilogalamu 80, ndipo chingwe chiyenera kupirira kugwa koopsa koteroko kosachepera kasanu chisanaloledwe. Changa chija palibe amene anachiyesapo.

Koma chimene chinandichititsa manyazi kwambiri sichinali mtundu wa chingwe. Aphunzitsi anandifunsa kuti, “Nanga mwanayo chinamugwira n'chiyani?” Ndinati ankagwira chingwe. Iwo anapukusa mutu. “Ndiye kuti mwana ndiye ankagwira chingwe. Pokwera thanthwe, chingwe ndicho chimagwira mwana.” Apa m'pamene panagona kulakwa kwanga konse. Manja a munthu amatopa, amachita thukuta, ndipo akadzidzimuka amatseguka okha. Chitetezo chodalira kuti mwana asataye chingwe si chitetezo ayi.

Zida zinayi ndi zizindikiro zake

Kuti chingwe chimugwire munthu pamafunika lamba wapadera wotchedwa harness, wozungulira chiuno ndi ntchafu zonse ziwiri. Amamangidwa pamwamba pa mafupa a m'chiuno mothina ndithu, moti ukamukokera pansi asatsike. Ana aang'ono, amene chiuno chawo sichinakhwime, amafunika lamba wogwira thupi lonse mpaka m'mapewa, chifukwa wa m'chiuno yekha akhoza kuwavuka akatembenuzika mutu pansi.

Chachiwiri ndi ngowe zachitsulo zotchedwa karabina. Pamsana pa ngowe yeniyeni pamalembedwa manambala ndi zilembo kN. Kilonewton imodzi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100, ndipo ngowe wamba yokwerera iyenera kupirira makilonewton osachepera 20 ikakokedwa m'litali chitseko chake chili chotseka. Ameneyo ndi matani awiri. Koma ikakokedwa chopingasa, kapena chitseko chili chotseguka, mphamvu yake imatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito ngowe zokhoma, ndipo timazikhomadi. Tingowe tonyezimira togulitsidwa pamsika topachikira makiyi si tokwerera, ngakhale timaoneka chimodzimodzi.

Chachitatu ndi kachitsulo kodutsitsamo chingwe, kamene kamathandiza munthu woima pansi kuimitsa mnzake akagwa. Chachinayi ndi chisoti. Ine ndinkaganiza kuti chisoti n'cha wokwera yekha, koma aphunzitsi anandionetsa timiyala tambirimbiri patsinde pa thanthwe n'kundifunsa kuti tinachokera kuti. Woima pansi ndiye amene mwala umamupeza. Choncho aliyense wofika patsinde avale chisoti, ndipo amene sakukwera akhale patali, pamalo amene mtsogoleri walemba mzere. Wina akafuula kuti “Mwala!” musayang'ane kumwamba. Kumbatirani thanthwe, chisoti chigwire ntchito yake.

Pa nkhani ya zida, ndikudziwa chiyeso chimene tonse tili nacho: kaunjika. Nsapato ndi majekete a m'kaunjika palibe vuto. Koma chingwe kapena lamba amene simukudziwa mbiri yake musagule, ngakhale atatchipa bwanji. Nayiloni amafooka ndi dzuwa, amafooka ndi ukalamba, ndipo asidi wa batire amamudya mkati popanda kusiya chizindikiro choonekera. Ife amene timasunga mabatire a sola m'chipinda chimodzi ndi katundu wina, kapena kuponya zonse m'buti ya galimoto, tisamale kwambiri. Makampani ambiri opanga zidazi amati chingwe ndi lamba zisapitirire zaka 10 ngakhale zitangokhala m'thumba, ndipo zogwiritsidwa ntchito kawirikawiri zimatha msanga kuposa pamenepo. Mu Okutobala 2006, katswiri wina wa ku America, Todd Skinner, anamwalira ku Yosemite pamene kalamba ka kutsogolo kwa harness yake, kamene kanali katadyeka, kanaduka akutsika. Munthuyu anali atakwera matanthwe ovuta m'mayiko ambiri. Chinamupha ndi kansalu kotha.

Mfundo imodzi, maso anayi

Ma Pathfinder timanyadira kudziwa mfundo zambiri, koma pomangirira munthu kuchingwe aphunzitsi anandilola imodzi yokha: mfundo yooneka ngati nambala 8, yobwerezedwa. Umayamba wapanga 8 pachingwe, n'kulowetsa nsonga m'malo ake awiri a pa harness, kenako n'kuilondoletsa mmene 8 uja wayendera mpaka itatulukira. Ubwino wake ndi woti ikalakwika imaonekera ngakhale kwa mwana. Mizere yake imayenda iwiriiwiri, yogona bwino, ndipo nsonga yotsala isafupike kuposa chikhatho. Anandimangitsa mfundoyi kambirimbiri, nditatsinzina, ndikucheza, ngakhale nditatopa, kufikira zala zinaizolowera.

Ndikuyamba kudzimva kuti ndadziwa, anandiuza nkhani ya Lynn Hill, mayi wa ku America amene panthawiyo anali mmodzi mwa akatswiri oposa onse padziko. Mu 1989, ali ku Buoux ku France, anayamba kumanga mfundo yake, china chake chinamusokoneza, ndipo sanaimalize. Jekete inaphimba pamene panali mfundopo. Anakwera mpaka pamwamba, n'kutsamira chingwe kuti atsike, chingwe n'kusololoka. Anagwa mamita oposa 20, ndipo anapulumuka chifukwa nthambi za mtengo zinachepetsa liwiro lake. Mayi yemweyu ndiye anadzakhala munthu woyamba, mu 1993, kukwera njira yotchuka ya The Nose pa thanthwe la El Capitan ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza. Ngati munthu wotere anaiwala mfundo, ine ndi ndani?

Apa m'pamene panachokera lamulo limene sitiliphwanya m'kalabu yathu: palibe amene amachotsa phazi pansi mnzake asanamuyendere. Wokwera amayang'ana lamba wa womugwirira chingwe, ngowe ngati yakhomedwa, ndi chingwe ngati chalowa bwino m'kachitsulo. Wogwirira chingwe amayang'ana lamba wa wokwera, mfundo yake ndi chisoti. Amagwira ndi manja, osangoponya diso. Kenako mtsogoleri amayenderanso onse awiri. Ndipo mwana wa zaka 10 ali ndi ufulu wonse woimitsa ine, mtsogoleri wake, n'kunena kuti, “A Director, ngowe yanu sinakhomedwe.” Kwathu kuno mwana sadzudzula wamkulu, ndiye ichi tinachita kuchiphunzitsa mwadala, ndipo amene wapeza cholakwa timamuwombera m'manja.

Dzanja limene silitaya

Kwa ana, njira yoyenera ndi imodzi: chingwe chimadutsa pamwamba pa thanthwe n'kutsikira mbali ziwiri, mbali ina kwa wokwera, mbali ina kwa womugwirira. Wokwera akamakwera, wapansi amakoka chingwe chotsala kuti chisalendewere, choncho akaterereka amangotsika pang'ono n'kulendewera. Pamwamba paja chingwe chimadutsa m'ngowe zokhoma zomangiriridwa pa zinthu zolimba zosachepera ziwiri, kuti china chikalephera chinzake chigwire. Chingwe chisadutse molunjika pa lamba wansalu kapena pa chingwe chinzake, chifukwa nayiloni akakhulana ndi nayiloni amatentha n'kusungunuka. Ine ndinamangirira ana 18 pa mtengo umodzi umene sindinayang'ane n'komwe mizu yake. Kumanga pamwambapa ndi luso limene simungaliphunzire m'magazini ino kapena pa kanema wa pa foni. Pamafunika munthu wodziwa ataima pambali panu.

Wogwirira chingwe ali ndi lamulo limodzi loposa onse: dzanja logwira chingwe kumunsi kwa kachitsulo silitaya, zivute zitani. Kaya ntchentche yatera pamphuno, kaya foni yalira, kaya wina wakuitana. Kumbuyo kwake timaimikanso munthu wachiwiri wogwira chingwe chomwecho, ndipo kunsonga kwake timamangako mfundo kuti chisathere m'manja. Mwana wopepuka asagwirire munthu womuposa kwambiri kulemera, chifukwa akhoza kunyamulidwa.

Mawu olankhulana nawonso ndi ochepa ndiponso osasintha. Ife tinagwirizana athu m'Chichewa. Wapansi amati, “Ndakugwira.” Wokwera amati, “Ndikukwera.” Wapansi amayankha, “Kwera.” Akafuna chingwe chithine amati, “Koka,” ndipo akafuna kutsika amati, “Nditsitse.” Timatchulanso dzina la munthu, chifukwa pakakhala zingwe ziwiri moyandikana mawu amasokonekera.

Pali tinthu tinanso timene munthu sangatiganizire. Sikafu yathu yachikasu ija timaivula tisanayambe, chifukwa ikhoza kukodwa m'kachitsulo, chimodzimodzinso tsitsi lalitali losamanga. Ndipo harness savalira pa siketi. Nkhaniyi ndinakambirana ndi makolo poyera tisanapite, ndipo tinagwirizana kuti atsikana azivala buluku lotakasuka la masewera pokwera, chitenje chili m'chikwama, ndipo wowathandiza kuvala lamba akhale mlangizi wamkazi. Tikanangokhala chete, atsikana akanatsala kunyumba kapena akanavala lamba molakwika chifukwa cha manyazi.

Kudziwa kubwerera

Phunziro lovuta kwambiri kwa ine silinali la zida. Linali lonena kuti “lero ayi” ana atalipira kale galimoto. Mwala wonyowa umaterera ngati sopo. M'miyezi yozizira chiperoni chimafika mosagogoda, ndipo malo amene umaona bwinobwino amasanduka nkhungu yokhayokha m'kanthawi kochepa. Mu 2009 mlendo wina wachinyamata wochokera ku Brazil anamwalira ndi kuzizira pa phiri la Mulanje atasiyana ndi womuperekeza n'kupitirira yekha cha ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Nyengo ya mvula ili ndi zake: mphezi imakonda malo okwera. Mukaona kung'anima, werengani. Masekondi atatu alionse bingu lisanamveke ndi mtunda wa kilomita imodzi. Bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, tsikani, ndipo musabwerere mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Kuyambira pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri mu Malichi 2023, malo ena amene tinkawadziwa ali ndi miyala yosakhazikika, choncho funsani eni dera musanapite.

Tsopano ndimapita ndekha kukaona malo kusanafike tsiku la ulendo. Ndimayang'ana njuchi m'ming'alu, miyala yogwedera, pamene foni imagwira, ndi mtunda wokafika pamsewu ndi kuchipatala. Kholo lililonse limasaina kalata yofotokoza bwino zimene tikukachita, n'kulembapo ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu, kapena ngati amatupa akalumidwa ndi njuchi. Timanyamula madzi okwanira, nthochi, mtedza ndi mbatata yophika, chifukwa mwana wanjala ndi waludzu amalakwitsa zinthu. Alangizi awiri a kalabu yathu anakachita maphunziro a chithandizo choyamba, onga amene a Red Cross amaphunzitsa. Kumeneko tinamva chinthu chimene chinandizizira m'nkhongono: munthu amene wagwa kuchokera pamwamba, makamaka akamadandaula khosi kapena msana, kapena akamamva dzanzi m'miyendo, sitimudzutsa kapena kumubereka pokhapokha pamene wagonapo pali ngozi ina. Ine mtsikana uja ndinamuimiritsa nthawi yomweyo n'kumuuza kuti ayende. Ndipo mwana amene wamenyetsa mutu, akayamba kusanza, kuwodzera kapena kulankhula zosokonekera, apite kuchipatala msanga ngakhale patapita maola.

Mawu kwa makolo

Mwina mukuti, bwanji osangoletsa zonsezi? Ndinaganizapo. Koma ana athu akukwera kale miyala, mitengo ya mango ndi mipanda, popanda chingwe kapena wowayang'anira. Kukwera kumalimbitsa manja, miyendo ndi msana, kumatulutsa mwana panja kukapuma mpweya wabwino ndi kuwothera dzuwa m'malo mogwada pa foni. Koposa apo, ndi malo ochepa amene mwana wa zaka 13 amapatsidwa moyo wa mnzake m'manja n'kuphunzira kuti kusasamala kwake kuli ndi mtengo.

Chimene ndikupempha n'chakuti muzifunsa. Mtsogoleri akabwera ndi kalata ya ulendo wokwera thanthwe, mufunseni amene anamuphunzitsa, kumene zida zachokera ndi zaka zake, ngati zisoti zikukwanira, akuluakulu amene apite nawo, ndi chimene adzachite mwana akavulala. Mtsogoleri wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ndipo inu a komiti ya mpingo, ngati ndalama zili zochepa, yambani mwalipirira maphunziro a mtsogoleri musanagule chingwe. Kalabu imene ilibe munthu wophunzira ikhoza kuyenda m'njira za m'phiri ndi woperekeza, kapena kupita kukhoma lophunzirira kumene kuli alangizi. Palibe baji imene ili yofunika kuposa msana wa mwana.

Chaka chitatha tinabwerera kuthanthwe, aphunzitsi anga ali nafe. Ndinapita ndekha kukapempha mayi aja kuti mwana wawo apite nawo, ndipo ndinawafotokozera zonse zimene ndalemba apazi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Ndipita nawo ndikaone.” Anabweradi, anavala chisoti pamwamba pa duku, n'kukhala kuseri kwa mzere.

Mtsikana uja anakwera mpaka pakati, pafupi ndi msinkhu umene anagwera chaka chapitacho, ndipo miyendo inayamba kunjenjemera. Anyamata ena anayamba kufuula kuti apitirire, koma ndinawaletsa, chifukwa lamulo lathu lina ndi lakuti wofuna kutsika amatsika popanda womuseka. Anayang'ana pansi n'kuitana mnzake amene ankamugwirira chingwe, “Nditsitse.” Anatsamira chingwe, manja onse ali m'mwamba, ndipo chinamunyamula mpaka pansi pang'onopang'ono. Anapuma, anamwa madzi, kenako anapita kwa mayi ake kukawaonetsa mfundo yake ya 8 ndi kuwawerengera mizere yake iwiriiwiri. Dzuwa lisanapendeke anapempha kuti ayesenso.

Mwezi wamawa tidzakambirana za kuwoloka mitsinje pa maulendo a kalabu, poti mvula yayandikira.